Manja a Yamila

Yamila ankagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta kunja kwa tauni ya San Antonio Oeste. Ntchito yake inali kugulitsa khofi, kudzaza madzi otentha m'mafulasiki a anthu apaulendo ndi kukolopa zimbudzi. Tsiku limenelo ali pakati pokolopa, anamva munthu akutukwana kuseri kwa chitseko.

Atatsegula anapeza mayi wachikulire ali pansi, chikuku chawo cha olumala chitagwera kumbali.

"Ukundiyang'ana chiyani? Sunaonepo nkhalamba itagwa?" anatero mayiwo.

Bambo ake a Yamila anadwala zaka zambiri atafa ziwalo, ndipo ndi iyeyo amene ankawatembenuza mpaka tsiku lowaika m'manda. Analowetsa mikono kunkhwapa kwa mayiwo, bondo lake n'kulitsamiritsa pa bondo lawo, kamodzi n'kamodzi nyamu! Anawapukuta, kuwakonza siketi, n'kuwakankha mpaka panja.

Pakhomo panali pataima mwamuna wamtali, wa ndevu zoyamba imvi. Anali ataona zonse.

"Mwawanyamula nokha? Ine ndi mphamvu zangazi ndimachita kutuluka thukuta," anatero. "Dzina langa ndine Gastón. Awa ndi amayi anga, Doña Herminia. Musawadandaule, pakamwa pawo ndi pokhapo pamene sitiroko sinafikepo."

Yamila anaseka. Mwamunayo ankangoyang'ana manja ake, ndipo mtsikanayo anachita manyazi n'kuwabisa m'thumba la apuloni.

Panja panali nyumba yawo yoyenda, chigalimoto choyera chokhala ndi mabedi, chitofu ndi kabafa m'kati. Gastón ankachitchula kuti Nkhono. Anati amayi ake akufuna kuona gombe lonse limene anakulirako asanamwalire, kenako akakhale kumapiri. Asananyamuke anapempha nambala ya foni, ndipo Yamila anapereka.

Nkhono inakaima pagombe la Las Grutas, pafupi pomwepo, ndipo mauthenga anayamba.

"Duwa langa, wadzuka bwanji? Ndili pagombe koma nyanja sindikuiona, ndikungoona iwe."

"Manja akowo Mulungu anawaumba asakuthamangira kulikonse."

Ndani anamuuzapo Yamila mawu otere? Utsikana wake wonse unathera pa matewera a bambo ake, anyamata n'kumamudutsa ngati mtengo wa magetsi. Tsono lero munthu akumutchula duwa! Ankawerenga uthenga umodzi kambirimbiri mpaka khofi wa kasitomala kusefukira.

Tsiku lopuma anapita kukawaona. M'kati mwa Nkhono anaona timabedi tiwiri ta ana, kena kali ndi chidole.

"Ana ali kuti?" anafunsa.

Gastón anaweramitsa mutu. "Ukwati unatha, wapamtima. Silvina anatenga ana n'kupita. Usandifunse zambiri, bala lake likadali laliwisi." Kenako anamugwira dzanja. "Tiye limodzi. Tikafika kumapiri, pa nyanja ya Futalaufquen pamene bambo anga anafunsira amayi, ndidzakuveka mphete. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

Mnzake wakuntchito, Maribel, anamukalipira. "Yamila, mutu ukugwira? Mwamuna wamudziwa dzulodzuloli, wayamba kale kupakira zikwama?"

"Sunamve mmene amandiyankhulira."

"Onse amayankhula bwino, mwali."

Yamila sanamvere. Ntchito anasiya, chipinda chimene ankachita lendi anabweza, mpando wa malemu bambo ake anapatsa aneba. Anakwera Nkhono ndi chikwama chimodzi, m'katimo muli diresi yobiriwira imene anasungira tsiku la mphete.

Madzulo oyamba Gastón anamuonetsa benchi ya pafupi ndi bedi la amayi ake. "Mpaka titakwatirana, uzigona apa. Ine ndizigona pamwamba pa chiwongolero. Sindikufuna munthu adzakunyoze."

Yamila misozi inalengeza. Amuna aulemu chonchi akadalipo padziko? Anagona akumwetulira, ngakhale kuti benchiyo inali yaifupi ndipo mapazi ankalendewera.

Koma Doña Herminia sanamufune n'komwe. Supu akapatsidwa, ankamukankha ndi dzanja lawo lamoyo mpaka kutayikira pa Yamila. Akamawasambitsa ankamutsina.

"Kwanu kulibe amuna? Wasiyiranji ntchito, chitsiru iwe?"

"Pepani amayi. Kwezani mkono ndikuvekeni."

"Sindine mayi wako. Tsika pamalo otsatira, ubwerere kwanu."

Ku Puerto Madryn anthu onse anathamangira pagombe kukaona anangumi. Gastón anapita ndi foni yake, nati akajambule. Yamila anatsala pa sinki ya pamalo ogonapo apaulendo akuchapa nsalu zapabedi ndi madzi ozizira, mphepo ikumumenya ndi mchenga. Anangumi aja anangowaona pa foni madzulo.

"Chaka chamawa tidzabwera awiriwiri, mfumukazi yanga," anatero Gastón akumupsompsona pachipumi. "Udzawaona mpaka kutopa nawo."

Umu ndi mmene zinkayendera. Pamsewu Yamila ankakhala kutsogolo, akumuthirira Gastón tiyi wa yerba m'chikho, mwamunayo akuimba ndi kumutchula mayina okoma. Akaima, Gastón ankakwera kachitunda kukasaka netiweki, ndipo ankakhalitsa kumeneko. Yamila ankatsala ndi mtsuko wa mkodzo, matewera ndi mankhwala. Zala zinang'ambika, msana unkawawa. Ankadziuza kuti banja n'chimenechi, ndipo apongozi ambiri amayamba chonchi.

Atafika ku Comodoro Rivadavia, kwawo kobadwira kwa Doña Herminia, Gastón anapita kukadzazitsa gasi. Mayiwo analamula kuti awakankhe awaonetse tauni. Anamulondolera msewu ndi msewu mpaka anatulukira pa depoti ya basi.

"Ima apa. Basi yobwerera kumpoto ndi iyo. Kwera."

"Amayi, ndakulakwirani chiyani?"

"Sindikukufuna. Mwana wanga si wako ndipo sadzakhala wako. Ukumva? Ndisiye pomwe pano, andipeza."

Yamila analira pakati pa anthu ngati mwana. Basi inaliza injini. Akanakwera, abale, akanakwera! Koma angasiye bwanji munthu wolumala pa mphepo yoteroyo? Ndipo mphete ija? Anatembenuza chikuku n'kubwerera nacho.

Gastón atamva anamukumbatira kuseri kwa galimoto. "Ndi matenda awa, moyo wanga. Usandisiye. Popanda iwe ulendowu sindingaumalize."

Mawu amenewa Yamila anawasunga mumtima ngati mphatso. Madzulo amenewo Doña Herminia anadya supu yense osatukwana, n'kulola kupesedwa tsitsi.

Anasiya nyanja n'kukhotera kumadzulo. Anadutsa chigwa chouma chopanda mtengo, mphepo ikugwedeza Nkhono mpaka mbale kulira m'makabati. Kenako mapiri anayamba kuoneka, chipale chofewa chili mbuu pamwamba. Yamila sankachotsa maso pamapiriwo pamene ankawayandikira. Koma Gastón anasiya kuimba, ndipo chikho cha tiyi ankachilandira osamuyang'ana.

"Wadwala?" anamufunsa.

"Kutopa chabe, duwa langa."

Analowa m'nkhalango yotetezedwa ya Los Alerces kukugwa mvula yowaza, n'kuima m'mphepete mwa nyanja ija. M'mawa mwake Gastón anameta ndevu, anasesa m'galimoto, n'kuyala bwino timabedi ta ana.

"Lero uwasambitse bwino amayi, uwaveke juzi yatsopano," anatero. "Lero ndi tsiku lalikulu."

Yamila anachita zonse ndi chimwemwe. Atamaliza analowa m'kabafa n'kuvala diresi yobiriwira. Inali itamukulira chifukwa anali atawonda, koma anaimanga ndi lamba. Doña Herminia atamuona anatembenuzira nkhope kukhoma.

Chakumasana kunabwera galimoto yaing'ono yofiira. Zitseko zinatseguka, atsikana awiri aang'ono n'kuthamanga akukuwa kuti, "Adadi!" Pambuyo pawo panatsika mayi wokongola, wa jekete yodula. Anafika pa Gastón n'kumupsompsona pakamwa, osafulumira, monga amachitira munthu pa chinthu chake.

"Wawonda, bambo a ana. Nyumba ija ndamaliza kukonza, chipinda cha amayi chili pansi."

Yamila anaima pa sitepe ya Nkhono atagwira chitseko.

Gastón anakhosomola. "Silvina, uyu ndi Yamila, mtsikana uja ndinkakuuza pa foni. Amene wakhala akusamalira amayi."

Silvina anamupatsa moni wa patsaya, akumwetulira ndi mtima wonse. "Ndiwe mngelo, mwana iwe. Ine ndinamuuza uyu kuti mwezi wathunthu m'kabokosi aka ndi apongozi sindingathe, ndinangokwera ndege ndi ana. Diresi yako yakukhala bwino. Uli ndi kopita lero?"

Silvina sankadziwa kanthu, zinkaonekeratu. Ndipo zimenezi n'zimene zinamupweteka Yamila koposa, chifukwa panalibe ngakhale womukwiyira ngati mkazi mnzake.

Ana atathamangira kumadzi ndi amayi awo, Gastón anamuyandikira akunong'ona. "Usayambitse phokoso pamaso pa ana, chonde. Ndikufotokozera."

"Unati ukwati unatha."

"Zinthu sizinali bwino nthawi imeneyo."

"Unalumbira pamaso pa Mulungu, Gastón."

"Ndinali nditathedwa nzeru. Wosamalira amene tinanyamuka naye anathawa tsiku lachiwiri. Ena onse ankakana msewu. Ndikanatani? Koma ndinakukondadi, duwa langa, mwanjira yanga."

"Usanditchulenso choncho."

Yamila anayembekezera kuti mwina agwada, mwina alira. Mwamunayo anangoyang'ana kumene kunali mkazi wake, n'kunena kuti masana kumadutsa basi yopita ku tauni ya Esquel.

Yamila analowa m'galimoto kukatenga chikwama. Ankalira mopanda mawu, akuponya zovala m'katimo osapinda. Akalowera kuti? Ntchito ija mabwana anapatsa kale wina, chipinda munalowa anthu. Maribel akamuyang'ana ndi maso otani?

"Mtsikana," anaitana Doña Herminia ali pabedi. Aka kanali koyamba kumuitana mofatsa. "Bwera kuno."

Yamila anapita. Juzi ija inali itatseguka pakhosi.

"Munkadziwa," anatero.

"Ndinkadziwa. Ndinakuthira supu, ndinakutukwana, ndinakufikitsa mpaka pa basi. Unali wouma mutu."

"Bwanji simunangondiuza? Mawu amodzi okha, amayi. Mukanangoti ali ndi mkazi, ndikanakwera basi ija."

Mayiwo anayang'ana kudenga. Panja ana ankaseka, bambo awo akuwaponyera timiyala m'madzi.

"Ndinafuna kunena," anatero potsiriza. "Tsiku lililonse ndinkati lero ndinena. Koma bambo ako unawasamala, ukudziwa mmene zimakhalira. Chiyambireni matendawa palibe amene anandigwirapo osachita nseru, ngakhale mwana wanga wobereka ndekha. Iwe wekha. Pa depoti paja nditaona ukutembenuza chikuku, ndinathokoza Mulungu." Misozi inatsikira m'khutu mwawo. "Ndikanakuuza zoona, akanandisambitsa ndani?"

Yamila anawayang'ana. Anafuna kuwada, koma mtima unali utatopa kwambiri. Anawerama n'kumanga batani la pakhosi lija, anawakweza pang'ono kuti pilo akhale bwino pansi pa phewa lakufa, n'kuika kapu ya madzi mbali ya dzanja lamoyo.

"Muziwauza akutembenuzeni pafupipafupi," anatero. "Chilonda cha pachiuno chija chayamba kufiira."

"Sadzanditembenuza," anayankha mayiwo.

Yamila ankadziwa kuti n'zoona. Ananyamula chikwama chake n'kutsika. Palibe amene anacheuka. Anayenda mumsewu wamiyala kulowera pachipata cha nkhalangoyo, mvula ikunyowetsa diresi yobiriwira, ndipo mpaka pamene anakhota ankamvabe Doña Herminia akuitana mwana wawo kuti adzawapititse kuchimbudzi.