Jekete la Adadi ndi Ulendo wa Kwoka ku Qingdao

Tionge anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kukaona mzinda wa Qingdao. Mzindawu uli ku China, m'mbali mwa nyanja. Koma Tionge amakhala ku Joondalup, mumzinda wa Perth. Ku China ndi kutali. Ndi kutali zedi!

Adadi ake ndi injiniya wa kumgodi. Abwana awo anawatuma ku Qingdao. Anawatuma kukaona makina atsopano.

"Adadi, ndipite nawo?" anafunsa Tionge.

"Ayi, mwana wanga. Uwu ndi ulendo wa ntchito," anayankha adadi.

Tionge anatupitsa masaya. Mwana ameneyu akatupitsa masaya, amatupitsadi.

Adadi anamuonetsa zithunzi pa foni. Panali mlatho wautali wolowa m'nyanja. Panali nyumba za madenga ofiira. Panali chosema chachikulu chofiira, chopiringizika ngati kamvuluvulu.

"Loweruka sindidzagwira ntchito," anatero adadi. "Ndidzakuimbira pa vidiyo. Tidzayenda limodzi. Udzaona mlatho. Udzaona madenga. Udzaona chosema."

Masaya a Tionge anaphwa. Anayamba kumwetulira.

Unali mwezi wa Disembala. Ku Perth kunkatentha kwambiri. Dzuwa linkaswa mtengo. Tionge anakhala pansi n'kuganiza. Kenako anapeza nzeru. Nzeru za Tionge sizichedwa kubwera, ndipo sizifunsa munthu.

Tionge anali ndi chidole cha kanyama. Dzina lake linali Kwoka. Kwoka anali wonenepa, waubweya, wa makutu ang'onoang'ono. Ankamwetulira nthawi zonse.

"Kwoka, ine sindipita," ananong'ona Tionge. "Iwe ukandionere. Ukajambulitse pa mlatho."

Anatsegula sutikesi ya adadi. Inali yodzaza. Anakankha Kwoka. Kwoka sanalowe. Anakankhanso. Kwoka sanalowebe.

Kenako Tionge anaona jekete. Linali jekete lalikulu, lolemera. Linatenga malo ambiri.

"Jekete kunyanja? Adadi nawonso!" anaseka Tionge.

Anatulutsa jekete. Analibisa pansi pa bedi. Analowetsa Kwoka. Analowetsa chipewa cha dzuwa. Analowetsanso magalasi a dzuwa. Anatseka sutikesi bwinobwino. Anadziona kuti wathandiza kwambiri.

M'mawa mwake adadi anakwera ndege.

Tsiku lotsatira foni ya amami inalira. Anali adadi. Tionge anathamanga kudzaona. Koma adadi ankaoneka mwachilendo. Anali atafunda bulangete mpaka kumutu. Mano awo ankawombana. Pafupi nawo panali Kwoka, akumwetulira.

"Mayi a Tionge," anatero adadi, "m'sutikesi mwanga muli mlendo. Koma jekete mulibe."

Adadi analozetsa foni pa windo. Kunja kunali koyera. Misewu inali yoyera. Magalimoto anali oyera. Tinthu toyera tinkagwa kuchokera kumwamba ngati ufa.

"Imeneyo ndi sinowo," anatero adadi. "Kuno kukuzizira koopsa."

Tionge anachoka pa foni. Anapita kuchipinda mwakachetechete. Anakwawira pansi pa bedi. Anabwerera akukoka jekete.

"Ndine ndinatulutsa," anatero Tionge. "Ndimaganiza kuti kunyanja kumatentha. Pepani, adadi."

Misozi inayamba kugwa. Tionge anamva chisoni kwambiri.

Amami sanakalipe. Anatenga lalanje patebulo.

"Taona, Tionge. Dziko lili ngati lalanje ili," anatero amami. "Ife tili kumunsi kuno. Adadi ali kumtunda uku. Kuno kukamatentha, uko kumazizira."

"Ngakhale kunyanja?"

"Ngakhale kunyanja."

Tionge anayang'ana foni. "Ndiye Loweruka simudzatuluka, adadi?"

"Popanda jekete n'zovuta, mwana wanga. Kuntchito galimoto imanditenga pakhomo. Koma pa mlatho pali chimphepo."

Tionge anaganizira za mlatho. Anaganizira za madenga ofiira. Anaganizira za chosema. Zonse zinkamuthawa. Adadi ake nawonso ankazizidwa chifukwa cha iye.

Anapukuta misozi. Anaganiza. Ulendo uno anaganiza bwino.

"Adadi, muli ndi mnzanu kumeneko?"

"Eya, alipo Bambo Liu. Timagwira nawo ntchito."

"Muwabwereke jekete."

Adadi anakanda m'mutu. "Aaa, ndichita manyazi. Munthu wamkulu kubwera wopanda jekete?"

"Ndiwapempha ndine," anatero Tionge. "Wolakwa ndine."

Tsiku lotsatira adadi anaimba ali kuntchito. Pa foni panaoneka bambo wa magalasi. Anali Bambo Liu. Tionge anachita mantha pang'ono. Koma anaima njo. Anawapatsa moni mwaulemu. Anafotokoza za Kwoka. Anafotokoza za jekete. Sanabise kanthu.

Bambo Liu anaseka. Anaseka mpaka anavula magalasi.

"Osadandaula, Tionge," anatero. "Adadi ako tiwaveka. Ndipo Loweruka ndidzakuyendetsani ndine."

Loweruka linafika. Amami ndi Tionge anapita kunyanja ya Mullaloo. Mchenga unkawotcha mapazi. Anakhala pansi pa ambulera. Amami anagula tchipisi.

Foni inalira. Tionge anayang'ana. Kenako anagwa ndi phwete.

Adadi anali atavala jekete lobiriwira. Linali lalitali mpaka m'mawondo. Kumutu anavala chipewa chaubweya. Chipewacho chinali ndi makutu awiri. Kwoka ankasuzumira pachifuwa pawo.

"Adadi, mwafanana ndi Kwoka!" anakuwa Tionge.

"Ndi mng'ono wanga ameneyu," anatero adadi. "Tiyeni tizipita!"

Anayamba ndi mlatho. Dzina lake ndi Zhanqiao. Unali wautali. Unalowa m'nyanja, kulowa, kulowa. Kumapeto kwake kunali kanyumba kokongola. Denga lake linali lopindikira m'mwamba.

Pa mlathopo panali mbalame zoyera. Zinali zambirimbiri. Zinkauluka pamwamba pa anthu. Zinkalira mosokosera.

"Zimabwera nyengo yozizira," anatero Bambo Liu. "Mukanabwera nyengo yotentha, simukanazipeza chonchi."

Adadi anakhazika Kwoka pa mlatho. Anamuveka magalasi a dzuwa aja. Anamujambula. Anthu odutsa anaima n'kumaseka. Ena anamujambulanso.

Nthawi yomweyo Tionge anakuwa. "Mayo! Tchipisi changa!"

Mbalame yoyera ya ku Mullaloo inali italanda tchipisi. Inathawa nacho.

"Kodi mbalame zathu zafika kale kumeneko?" anafunsa Bambo Liu. Onse anaseka.

Kenako adadi ndi Bambo Liu anakwera kaphiri. Adadi ankapuma wefuwefu. Pamwamba anatembenuza foni pang'onopang'ono. Tionge anaona madenga ofiira. Anaona madenga ena ofiira. Anaonanso ena. Ena anali ndi sinowo pamwamba. Kuseri kwake kunali nyanja.

"Eee, kukongola!" anatero Tionge.

Potsika anapeza mayi wina akuwotcha mbatata. Bambo Liu anagula. Adadi ananyema mbatata. Inkatuluka nthunzi.

"Bambo a Tionge, imeneyo si mbatata yowotcha?" anafunsa amami. "Ngati ya kwathu ku Ntcheu! Mwandimezetsa malovu."

"Ndikudyerani," anatero adadi, pakamwa pali podzaza.

Pomaliza anafika pa chosema chofiira. Chinali chachikulu kuposa pachithunzi. Adadi ankaoneka aang'ono pafupi nacho. Kwoka ndiye ankaoneka ngati kambewa.

Tionge anaona mlatho. Anaona madenga. Anaona chosema. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe.

"Zikomo kwambiri, Bambo Liu," anatero Tionge.

"Zikomo, Tionge. Ukadzakula udzabwere. Koma udzatenge jekete!"

Tsiku lobwera adadi linafika. Amami ndi Tionge anapita ku bwalo la ndege. Kunkatentha kuposa masiku onse. Tionge ananyamula chikwama chachikulu. Amami anafunsa za m'katimo. Tionge anangoti, "Muona."

Adadi anatulukira. Kwoka anali m'khwapa mwawo. Tionge anathamanga. Anawakumbatira mwamphamvu. Kenako anatsegula chikwama. Anatulutsa jekete lija.

"Nali jekete lanu, adadi. Musazizidwenso."

Adadi anayang'ana jekete. Anayang'ana dzuwa kunja. Anayang'ana nkhope ya Tionge. Kenako anavala jekete. Anakoka zipi mpaka m'khosi.

Anayenda nalo mpaka ku galimoto. Thukuta linali kamukamu. Amami ankaseka mpaka misozi.

"Mukumva bwanji, adadi?" anafunsa Tionge.

Adadi anamugwira dzanja. "Tsopano ndiye ndafundidwa, mwana wanga," anatero.