Buku la Mvula

Lufina sanauze munthu aliyense kuti anamuona wakubayo. Anamuona dzuwa likuswa mtengo, ndipo naye wakubayo anamuona.

Linali Lachiwiri. Mudzi wonse wa Kanjiwa, kufupi ndi Tsangano, unali kumaliro. Lufina anazemba. Ankaopa funso la anthu lija, lakuti mayeso a Fomu 4 anayenda bwanji. Anakwera kaphiri ka m'munda mwa amayi ake, pomwe panali makina a kafukufuku.

Makinawo anawaimika ndi mayi Mirriam a ku yunivesite. Ankayeza mphepo ndi mvula, kuti boma lidziwe ngati mphepo ya kuno ingapange magetsi othiririra mbatatesi. Panali sola, batire ndi kabokosi kosunga zonse zimene makinawo anayeza pa miyezi khumi ndi umodzi. Ntchito ya Lufina inali kuyeza mvula m'mawa uliwonse n'kulemba m'buku.

"Chachilendo chilichonse uzilemba," anatero mayi Mirriam. "Ngakhale mbuzi ikakanda pamtengo wa makinawa."

Anzake onse a Lufina anali atapita m'tauni. Bukulo ndilo ankacheza nalo.

Lachiwirilo, Lufina ali pakaphiripo, anatulukira amalume ake, a Bizwell, amene anamulera bambo ake atamwalira. Anamasula sola ndi kabokosi, n'kuzikulunga mumphasa. Pa tsiku la maliro, ndani angaimitse munthu wonyamula mphasa? Potembenuka anamuona Lufina kuseri kwa mwala.

"Waona chiyani, mwana iwe?"

"Palibe."

"Basi. Uli ndi nzeru."

Lachitatu apolisi anatenga a Eliya, mlonda wa makinawo, nkhalamba yotsokomola. Anthu onse anali kumaliro kupatula iwo, amene akuti anagona kunyumba ndi malungo. Mboni analibe.

Lachisanu mayi Mirriam anafika ndi Sajeni Salome.

"Makina anasiya kutumiza uthenga nthawi itangopitirira 11 koloko," anatero mayi Mirriam, maso ali psuu. "Sola tigula ina. Koma kabokosiko kakasowa, chaka chonse chapita m'madzi."

"Mlonda wanu akuti sakudziwa kanthu," anatero Sajeni. "Akakumbukira kukhoti Lolemba."

Mayi Mirriam anapempha buku la mvula. Lufina anakalitenga m'nyumba. Anatsegula tsamba la Lachiwiri. Analigwira pakona kuti aling'ambe. Kenako anakumbukira chifuwa cha a Eliya ndi simenti yozizira ya m'chitokosi. Anatseka bukulo, n'kukalipereka ndi manja awiri atagwada.

Mayi Mirriam anawerenga, n'kupatsa Sajeni. Panalembedwa kuti: Mvula palibe. Mphepo yambiri. 11:10, amalume ndi mphasa.

Sajeni anamuyang'ana Lufina. Kenako ananyamuka.

Cha m'ma 3 koloko apolisi anawapeza a Bizwell akulonga mbatatesi m'matumba.

"Lachiwiri munali kuti, bambo?"

"Kumanda, ndi adzukulu anzanga. Ndinkanyamula mphasa."

"Adzukuluwo akuti mphasa yanu sinafike kumanda."

Sola anali ataigulitsa kale patsidya pa msewu, ku Mozambique. Kabokosi kanawakanika, poti ogulawo anati si wailesi. Apolisi anakafukula pansi pa mulu wa mbatatesi, kali bwinobwino. Unyolo unalira. A Bizwell anakwera galimoto osacheukira aliyense.

Madzulo a Eliya anabwerera kwawo pa kabaza. Kwa a Lufina moto sunasonkhedwe. Amayi ake anakhala pakhonde atagwira tsaya.

"Mlongo wanga mmodzi yekhayo," anatero. "Mudzi uno uli ndi njoka. Wamupereka ndani?"

Lufina anaima pakhomo. Akanatha kulowa n'kukagona, amayi ake sakanadziwa. Anapita n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Ndine, amayi," anatero. "Ndinawaona."