Nkhope ya Amayi Vailet

Utsi unali utakwera kale pamene Sankhani anazindikira kuti mphepo yatembenuka. Iye ndi mnzake Jabulani anali atayatsa tchire kumunsi kwa phiri kuti asake mbewa, monga amachitira anyamata a ku Kasenengwa udzu ukauma. Koma moto unalumpha kamsewu n'kulowa m'nkhalango yotetezedwa. Anayesa kuuzima ndi nthambi zaziwisi mpaka manja anatuluka matuza. Jabulani anataya nthambi yake n'kuliyatsa liwiro, ndipo Sankhani anamutsatira.

M'nkhalangomo munali kanjira koyendamo alendo, ndipo m'mbali mwake munaimikidwa ziboliboli zamtengo. Anazisema kalekale anali a Alfonsi, amalume ake a Sankhani, pokumbukira amayi amene anabzala mitengo paphiripo lili lopanda ndi mthunzi womwe. Chimodzi chinali cha mayi ake a Sankhani, a Vailet, atawerama ndi mbande m'manja. Mayiwo anamwalira mlongo wake wa Sankhani, Tawina, akadali wakhanda, ndipo sanasiye chithunzi chilichonse. Lamlungu pochokera kutchalitchi, Tawina ankapita kukakhala pafupi ndi chibolibolicho n'kumachiuza za kusukulu.

Anthu a m'mudzi analimbana ndi motowo mpaka dzuwa kulowa. Sankhani anabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo palibe anamufunsa kanthu.

M'mawa mwake a Alfonsi anatenga ndodo yawo n'kuuza ana awiriwo kuti awaperekeze kuphiri. Kanjira konse kanali phulusa lokhalokha, zitsa zikufukabe. Mbalame sizinkamveka. Tawina anathamangira kutsogolo, kenaka anangoima chilili. Chiboliboli cha amayi ake chinali chikadali pamalo pake, koma chakuda bii, ndipo nkhope yonse inali itanyeka. Atachikhudza, makala anayoyokera pamapazi pake.

A Alfonsi anakhala pamwala kwa nthawi yaitali. Pofuna kudzuka anagwira dzanja la Sankhani, ndipo anamva matuza aja. Analisisita pang'onopang'ono.

"Mphwanga, kani unali nawo pozima moto? Mayi ako akanakunyadira."

Mawuwo anamulasa Sankhani kuposa chikwapu. Anayang'ana pansi. Akanatha kungogwedeza mutu nkhani n'kutha, koma Tawina ankamuyang'ana ndi maso oyamikira.

"Amalume, motowu ndinayatsa ndine. Timafuna mbewa."

Nkhalambayo sinakalipe. Inasiya dzanjalo, n'kunena motsitsa mawu kuti ayenera kukafotokoza yekha kwa oyang'anira nkhalango, ndipo Sankhani anavomera. Anapempha kuti afune mtengo wina, aukoke yekha mpaka kunyumba, kuti amalumewo asemenso chiboliboli china. A Alfonsi anapukusa mutu. Anati maso awo anachita khungu, sompho sikhalanso m'manja mwawo, ndipo ngakhale nkhope ya mlongo wawoyo ankaikumbukira pobwera kudzaipapasa pano.

Kenaka anayamba kutsika phiri. Atayandikira kamsewu kaja, Tawina anakoka malaya a Sankhani. Sanali kulira.

"Achimwene, inu munawaona ali moyo. Tandiuzani, akamaseka ankaoneka bwanji?"

Sankhani anatsinzina nayesetsa ndi mtima wake wonse. Anakumbukira chitenje chawo chobiriwira ndi mawu awo pomuitana madzulo, koma nkhope inakana kubwera. Anakhala pansi m'phulusamo n'kuyamba kulira, Tawina ataima pambali pake kudikira yankho.