Wotsuka Njinga ya Yesaya

Matope a ku Lifuwu sachoka okha pa chitsulo. Akauma amagwira ngati simenti, ndipo aliyense amene anakwerapo kabaza m'dzinja m'njira zopita kuminda ya mpunga akudziwa zimenezi. N'chifukwa chake Triza anaima kakasi m'mawa umene anatsegula kachipinda ka kuseri kwa nyumba kukatenga khasu, n'kupeza thanki ya njinga yamoto ya malemu mwamuna wake ikuwala. Matayala anali akadali ndi matope awo, masipoko chimodzimodzi, koma thanki ndi nyale yakutsogolo zinali mbee, ndipo dothi la pansi linali lonyowa.

Njingayo inali ya Yesaya, wakabaza amene ankanyamula anthu ndi matumba a mpunga pakati pa Lifuwu ndi boma la Salima. Ankaisamala mochititsa nsanje. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankaikankhira pansi pa mtengo wa mango, n'kudikira kaye kuti injini izizire, chifukwa ankati kuthira madzi injini yotentha n'kuipha. Kukamwa kwa ekizozi ankatseka ndi pulasitiki, tcheni ankachapa ndi mswachi wakale woviika m'parafini, kenako n'kumadonthezera oyilo pang'onopang'ono uku akuzungulitsa tayala. Triza ankamunyogodola kuti anamuika pamitala ndi chitsulo, ndipo mkazi wamng'onoyo ndiye ankasamba bwino. Yesaya ankangoseka, n'kumati ubwino wa mkazi wamng'onoyo ndi woti salongolola.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina lamvula lole yonyamula mchenga inamupeza pokhota msewu. Njinga inangosweka galasi ndi kupindika chopondera, koma mwini wake sanadzukenso. Bokosi linachoka kuchipatala litakhomedwa kale, ndipo adzukulu anakana kulitsegula, amvekere zimene zili m'katimu si zoonetsa anthu. Ngakhale amake Yesaya, amene anagubuduka pansi kupempha kuti angoona chipumi chokha cha mwana wawo, sanaloledwe. Njinga itabwezedwa pamudzi, Mayeso, mkulu wake wa malemu, analamula kuti iikidwe m'kachipindako monga inalili, wina asaikhudze mpaka achibale adzakhale pansi kugawa katundu.

Triza anali mtengwa pamudzipo. Kwawo ku Maganga makolo ake anatha kale, ndipo nyumba yokhayo imene akanaitcha yake inali imeneyi, ya njerwa zimene anaumba ndi Yesaya ndi manja awo. Mwana analibe. Mkazi wamasiye wopanda mwana pakati pa abale a mwamuna amakhala ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika, ndiye poona thankiyo anangotseka chitseko mwakachetechete osauza munthu.

Koma m'mawa mwake chishalo chinapezeka chopukutidwa, mawa linalo tayala lakutsogolo, ndipo Mayeso atabwera kudzazonda chuma chimene mumtima mwake anali atadzigawira kale, anapeza theka la njinga likung'anima. Triza analumbira kuti sanaikhudze. Mayeso sanatsutsane naye. Anangopita kukagula loko, n'kukhoma chitseko, kiyi n'kukapereka kwa amayi ake kuti amange pansonga ya chitenje, poti mlamu wakeyo sankamukhulupirira ndi pang'ono pomwe. Analonjezanso kulondera yekha ndi chibonga, koma kadzidzi atangolira kamodzi mumtengo wa mango uja, mwamuna wamkulu anakumbukira kuti kwake wasiya chitseko chosatseka. Asanachoke anawaza phulusa pakhomo kuti mapazi a wolowayo aoneke. Kutacha loko anali chikhomere, tayala lakumbuyo linali loyera, ndipo paphulusa paja panali posesedwa bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka mpaka kumpanda.

Apa ndiye nkhani inakula. Pamjigo anthu ankanong'onezana kuti Yesaya sanafe imfa ya Mulungu. Ankati bokosi lija analikhoma chifukwa munali thunthu la nthochi, Yesaya mwini wakeyo mkazi wake anamusandutsa ndondocha, munthu wodulidwa lilime amene amabisidwa masana n'kumagwira ntchito usiku. Nanga ndani wina akanatsuka njinga imeneyo ndi chikondi chotere? Ena anawonjezera kuti kusabereka kwa Triza chinali chizimba cha kukhwimako. Anthu akwathu kuno akafuna kukumaliza sasowa umboni, ngakhale misozi yako amaiyeza n'kupeza kuti inachepa. Amayi amvano amene ankabwera kudzamuimbira nyimbo anasiya mmodzimmodzi, ndipo akafika pamjigo, mzere wa ndowa unkamupatukira wokha.

Amene mphekeserazi zinawalasa kwambiri anali amake Yesaya. Anasiya kuyankha moni wa mpongozi wawo. Anayamba kuwonda, n'kumadandaula kuti akudzuka ali otopa, zala zikuphwanya ngati alima usiku wonse, ndipo anthu anati basi, nawonso Triza wayamba kuwagwiritsa ntchito kutulo. Mayeso anaitanitsa achibale kuti akumane Loweruka, ndipo ananeneratu kuti mlamu akalephera kufotokoza, alongedze.

Triza tulo tinamuthawa. Mphasa yake inali kukhoma logundana ndi kachipindako, ndipo pakati pa usiku, achule a m'minda ya mpunga akangoleka kulira onse pamodzi monga amachitira, ankamva loko akuti khethe. Kenako ndowa kukhudza pansi. Kenako nsanza kuviikidwa, kufinyidwa, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono nthawi yaitali, ngati wofinyayo alibe kothamangira. Fungo limene linkalowa m'ming'alu ya khoma silinali la parafini kapena oyilo, linali la sopo wosambira ndi mafuta odzola. Ankachita mantha, komabe pansi pa manthawo panali china chimene sakanauza munthu: ankalakalaka atakhaladi Yesaya. Kaya wopanda lilime, kaya wozizira, bola akhale kuseri kwa khomalo. Usiku wina anaika mlomo pamng'alu n'kunong'ona dzina lake. Madzi aja anasiya kudontha kwa kanthawi, kenako anayambiranso, ndipo iye analira mpaka kunja kunayera.

Usiku wa Lachisanu, poti mawa lake unali mlandu, anati chimene chidze chidze. Mwezi kunalibe, ndipo kamphepo kozizira kochokera kunyanja kankakwekwesa nthambi ya mango pamalata. Atamva loko uja anatuluka wopanda nsapato, foni ili m'manja koma osaiyatsa, n'kuzungulira nyumba akupapasa khoma. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula pang'ono. Mkati munali mdima wandiweyani, koma munkamveka mawu otsika, okoka, a munthu woimba osatsegula pakamwa. Anaphimba tochi ya foni ndi zala, n'kuiyatsa.

Anali amake Yesaya. Anagwada pambali pa njinga, ndowa ya madzi ofunda ili pafupi ndi mawondo awo, maso ali tong'o koma osaona kuwalako, osaona Triza, osaona kanthu. Ankapukuta kuyambira kunyale kutsika m'munsi, mwaulemu, monga amasambitsira munthu amene sangathenso kudzisambitsa yekha. Madzi ankathira paliponse, papulagi, m'ekizozi momwe, zinthu zimene mwini njinga akanalumpha nazo ali moyo. Atafika pachiwongolero anachigwira mofatsa n'kuchikweza pang'ono.

"Kweza mkono, Yesaya," ananong'ona. "Taona matope onsewa. Anakutsekera m'bokosi osakusambitsa, ine mayi ako ndili pompano. Usalire, madziwa ndafunditsa."

Triza anazimitsa tochi. Anakhala pansi panja mumdimamo kumvetsera mayi akudzoza mafuta chitsulo, mpaka anamaliza, kukhoma loko, kusesa pakhomo ndi kubwerera kunyumba kwawo akuyenda mowongoka ngati masana. Anawatsatira chapatali kuopa kuti angagwere m'ngalande. Pobwerera mtima wake unapepuka, poti tsopano anali ndi yankho loti limusiyire nyumba yake. Koma asanafike pakhomo anakumbukira gogo wina wa kutsidya kwa ngalandeyo, amene chaka chatha anapezeka akuyenda usiku osadziwa kumene akupita. Sanamufunse zambiri. Nyumba anaiotcha, ndipo mwini wake anakatsirizikira kuchipatala ndi mabala a miyala. Mtsikana akamuganizira ufiti amamuthamangitsa. Nkhalamba yoyenda usiku, imene mwana wake wangofa kumene, saivutikira kuithamangitsa.

Loweruka achibale anadzaza pabwalo. Mayeso analankhula nthawi yaitali, za loko, za phulusa, za bokosi losatsegulidwa, ngati kuti analikhoma ndi Triza. Amake Yesaya anakhala pamkeka atafunda nsalu yakuda, akusisita zala zawo zotupa, m'zikhadabo muli zakuda zimene aliyense akanati ndi mwaye wa mphika. Atamupatsa mpata woyankha, Triza anayang'ana zala zimenezo, kenako anayang'ana khoma la nyumba yake.

"Ndilibe chokana, alamu," anatero. "Ndipita. Koma njingayi isagonenso pamudzi pano. Mukaigulitse lero lomwe kuboma, kwa munthu wakutali. Mukatero simudzamvanso kanthu usiku."

Anthu anang'ung'udza, ena anagwira pakamwa. Kwa iwo uku kunali kuvomera mlandu, ndipo palibe amene anafunanso kumva zina. Mayeso, amene ankafuna njingayo kuti aziyendera yekha, mantha anamulanda dyera. Anaitulutsa nthawi yomweyo n'kuponda kiki mpaka thukuta, koma injini yomwa madzi usiku ndi usiku inangotsokomola n'kukhala chete. Anaikankha wapansi kulowera kumsewu, ana akuthawa m'njira.

Triza anamanga zovala zake m'chitenje, mapoto ndi mbale n'kuzisiya momwemo. Palibe amene anadzuka kuti amuperekeze. Podutsa pamkeka paja anagwada kuti atsanzike, ndipo amake Yesaya, amene anali asanamulankhule chiyambire nkhaniyi, anatembenuza nkhope yonyowa ndi misozi n'kumuyang'ana ndi chidani chonse chimene mayi woferedwa angakhale nacho.

"Watenga kale zimene umafuna," anatero. "Tsopano umumasule mwana wanga. Umusiye akagone."

Triza anaweramitsa mutu, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Agona, amayi," anayankha. "Asamba kale."