Ufa umene Nachisale anakana kuthira

M'chaka cha 1863, mapira atangokololedwa, anthu makumi atatu ndi asanu anathawira m'nkhalango ya nsembe ya paphiri la Mtsirizi. Anali otsala a mudzi umene ogula akapolo anauotcha. Dzikolo linali la Mfumu Kadzuwa, ndipo lamulo la makolo linali lakuti wothawira m'nkhalangomo sagwidwa. Mkondo unkalowamo pokhapokha mukabisala chilombo cholusa, ndiponso mayi wansembe atayamba wathira ufa wamapira panjira, kusonyeza kuti mizimu yalola.

Mayi wansembeyo anali Nachisale. Tsiku lina akupeta mapira pakhomo pake, kunafika Mpingasa, nduna ya mfumu.

"Mayi, alendo a mikanjo, ogula akapolo aja, atilonjeza mfuti tikawapatsa anthu a m'nkhalangowo," inatero ndunayo. "Mfumu sikalowamo, inunso simukalowamo. Mungothira ufa, munene kuti muli nyalugwe. Anyamata akakawatulutsa anthuwo poti awapulumutse, alendo akawalandira kunja. Wosadziwa salakwa."

Anyamata a nkhondowo Nachisale ankawadziwa ndi amayi awo omwe. Ankadziwanso kuti mnyamata akadzazindikira chimene manja ake achita, adzayenda nacho mpaka kumanda, pamene womutumayo akudya ndi kugona bwino.

M'mawa mwake ng'oma inaitana anthu kubwalo. Ankhondo anaima ndi mikondo, ndipo Mpingasa analengeza za nyalugwe. Nachisale anafika ndi lichero la ufa, nagwada, naomba m'manja monga mwa mwambo. Atatero anaimirira.

"Gogo Chalo, ndi inu eni mbumba, m'nkhalango mulibe nyalugwe. Muli amayi oyamwitsa ndi nkhalamba, ndipo mtengo wawo wapanganidwa kale. Ndapemphedwa kuthira ufa uwu kuti ana awa achimwire Chauta asakudziwa. Makolo anandipatsa ufa kuti ndizitsegulira anthu njira yabwino. Wokumba mbuna panjira ndiye wathyola mwendo wa wodutsa, ngakhale iye ali kunyumba. Ine sindikumba."

Mfumu Kadzuwa inayankha mosakweza mawu.

"Mayi, Angoni ali kuseri kwa mapiri. Popanda mfuti, nkhalango yanuyo idzatsala ndi mbalame zokha. Mukufuna ndisunge othawawo, nditaye anga?"

"Mantha anu ndi oona, Gogo Chalo, ndipo inenso ndili nawo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati chinthuchi n'chabwino, nali lichero. Thirani nokha, mutsogole nokha, mugwire mkono wa mayi woyamba ndi dzanja lanu. Musabwereke manja a ana a eni."

Anaika lichero pamapazi a mfumu. Anthu anadikira. Mfumu inayang'ana ufawo, inayang'ana nduna yake, koma dzanja silinatsike.

Pamenepo Gomile, mtsogoleri wa ankhondo, anazika mkondo wake m'dothi.

"Ife tinadzukira nyalugwe," anatero. "Akapezeka mutiitane."

Anakhala pansi, ndipo anzake anachita chimodzimodzi.

Koma mfumu inali italandira kale wonga wa mfuti kwa alendo aja, ndipo iwo sakanachoka chimanjamanja. Madzulo a tsiku lomwelo bwalo la nduna linagamula kuti Nachisale wanyoza ufumu. Anamuveka goli m'khosi, namupereka kwa ogula akapolo pamodzi ndi minyanga ya m'nkhokwe ya mfumu. Podutsa pamalire a nkhalango Nachisale anaona othawa aja akusuzumira m'mitengo, ndipo anawauza kuti abwerere m'kati. Kumene anafera palibe akudziwa.

Anthu a m'nkhalango aja anatuluka mvula itagwa, namanga mudzi m'tsinde mwa phiri, ndipo zidzukulu zawo zikulima pomwepo. Lero pothira nsembe akuluakulu amatchula mafumu onse, ndipo akafika pa Kadzuwa amati ndiye anasunga nkhalango. Dzina la mayi uja silimveka.

Inu a banja laufumu la ku Mtsirizi, mbiri iyi mukuidziwa, pakuti anakuuzani ndi agogo anu omwe. Pansembe ya chaka chino imani pamaso pa mbumba, munene amene anafuna kuchimwitsa ana a eni ndi amene anakana. Ndipo musanatchule Kadzuwa, muyambe mwatchula Nachisale.