Matayala a Joana pa Njira ya ku Manda

Dzuwa linali litapendekeratu pamene Joana anatuluka pansi pa galimoto n'kuyamba kukwecha girizi m'manja ndi mchenga ndi sopo. Galimotoyo inali pikapu yokalamba imene bambo ake, malemu a Manuele ochokera ku Mozambique, anamusiyira pamodzi ndi bokosi la zipanala. Ku Zemba konse, nthawi ya dzinja, ndi yokhayo inkanyamula odwala kupita nawo ku boma, ngakhale nayonso inkatitimira pa dambo mpaka amuna khumi aikankhe.

Chaka chimenecho Joana anatopa nako kupempha anthu okankha. Anagula matayala akuluakulu ofika m'chiuno. Osadziwa amayesa kuti tayala lalikulu n'kungomanga basi, komatu ayi. Tayala likakula, ekiselo yakale, mtanda wachitsulo wozunguza matayala, imathyoka ngati phesi, ndipo injini imangolira osakoka. Ndiye anakatenga maekiselo okhuthala ku Chipata, n'kusinthanso magiya a m'difu, chibulumwa chachitsulo chija chapakati pa ekiselo. Mano a difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo anawawerenga kawiri konse, chifukwa zikasiyana, matayala a kutsogolo amathamanga liwiro lawo, a kumbuyo lawonso, galimoto n'kumalimbana yokhayokha.

Madzulo amenewo anafika a Eneya, mnzawo wa malemu bambo ake, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole. Iwowa ndi amene anaphunzitsa Joana kuyendetsa, ndipo lamulo lawo linali limodzi: usanalowe m'matope, koka kagiya kakang'ono kaja kuti matayala onse anayi akoke. Anazungulira galimotoyo akusisita matayala.

"Mwana wa mnzanga, iyi tsopano iwoloka dambo?"

"Ngakhale litadzaza bwanji, ababa."

A Eneya anagwedeza mutu, naima pamenepo nthawi yaitali ndithu asanakwere njinga yawo.

Mvula itakhazikika, udzu utayamba kumeza thonje m'minda, m'mudzimo munalowa imfa. Anayamba ndi Mathews, mwamuna wadzitho amene ankapalira ekala yathunthu masiku awiri. Anangodandaula khosi, mawa lake palibe. Patangotha sabata anatsatira Lenard, nayenso khosi lomwelo. Wachitatu anali Tinenenji, mwana wa a Idesi, mnzake wa Joana wa ponda apa nane mpondepo chiyambire ku pulayimale. Joana anathamanga naye ku kiliniki, koma mnzakeyo anatsirizika pa mpando wa kutsogolo asanaone n'komwe nyumba za ku boma. Onse atatu anali akatswiri a khasu, ndipo palibe amene analabadira zimenezo.

Chimene anthu analabadira ndi mapazi. M'mawa wotsatira maliro aliwonse, adzukulu ankapeza mapazi a matayala m'mbali mwa manda, otsikira ku dambo. Matayala otero ku Zemba anali anayi okha, ndipo mwini wake ankadziwika. Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati anamva injini ikudutsa yopanda nyali, agalu akulira ngati akwapulidwa. Amayi ena analumbira kuti kunja kukacha, panjira pamanunkha dizilo wosakanikirana ndi dothi longokumba kumene.

Joana ankagona tulo tolemera modabwitsa masiku amenewo, ndipo akadzuka galimoto inkakhala ili pansi pa mtengo wa mango pomwe anaisiya. Koma m'mano a matayala munali dothi lofiira la ku manda. Kumbuyo kunali fungo la nsalu yovunda. Anachotsa batire n'kugona nayo m'chipinda, sizinathandize. Anakhetsa dizilo yense, sizinathandizenso. M'mawa wina anakwawira pansi, nagwira difu, n'kupeza ili yotentha. Mantha anamugwiradi, tisaname. Koma mkwiyo ndi umene unakula, chifukwa wina ankayendetsa thukuta lake ngati lake.

Lachinayi m'mawa a Idesi anafika pakhomo ndi gulu la amuna. Maso awo anali atatupa ndi kulira.

"Mwana wanga unamupititsa kuti?"

"Ku kiliniki, amayi. Munali pomwepo."

"Ndikunena usiku! Mapazi ako ali pa manda ake!"

Mwamuna wina kumbuyo anakuwa kuti anthu obwera ngoipa, azibwerera kwawo ku Mozambique ndi mankhwala awo. Gululo linapatsa Joana mpaka Loweruka. Akapezeka akadali pamudzi, galimoto aitentha, nyumba aigwetsa.

Joana anaimirira pakhomo sipanala ili m'manja. "Kwathu kwake kuti? Ine ndinabadwira kuseri kwa khola ili. Bambo anga ndi mayi anga agona m'manda omwewo mukunenawo. Loweruka mubwere, mudzandipeza."

Gulu litabalalika, a Eneya anatsalira, nkhope ili yachisoni kwambiri.

"Mwana wa mnzanga, anthu akakwiya samva. Thawa, kabisale ku Chipata. Galimoto undisiyire, ndikusungira."

"Zikomo, ababa. Sindipita."

Tsiku lonselo anakhala akuganiza za difu yotentha ija. Mfiti yomubera galimotoyo inkadzutsa injini popanda batire, popanda dizilo, chabwino, limenelo linali luso lake. Koma ngati difu ikutentha, ndiye kuti chitsulo chikuzungulira ndithu, mano akulumana ndi mano anzake. Galimoto sinkauluka, inkayenda pansi. Ndipo pansi, potuluka m'dambo kupita tsidya lina, panali thanthwe lotsetsereka pamene tayala siliterereka ngakhale pang'ono.

Lachisanu anatseka chipata cha mpanda, naimika galimoto pa jeke, n'kumasula kutsogolo konse. Anatulutsa difu yatsopano, nabwezera yakale ija ya mano osiyana ndi ya kumbuyo. Inali ntchito ya amuna awiri, koma anaigwira yekha, chitsulo chikumusenda zala, akutukwana pang'onopang'ono. Batire ndi dizilo anabwezeranso, popeza kuzibisa kunalibe phindu. Sanauze munthu aliyense. Pa msewu wouma, matayala a kumbuyo okha akukoka, galimoto ikanayenda bwinobwino osadziwika kuti yasinthidwa.

Loweruka kusanayere bwino anadzidzimuka ndi phokoso la mapazi ndi kugubuduka kwa chigubu cha petulo. Anatuluka. Pansi pa mtengo wa mango panali pululu. Kwa nthawi yoyamba galimoto sinabwerere.

"Waibisa kuti?" anafunsa a Idesi.

"Ine ndili pano, amayi, mukundiona. Tiyeni tikaone amene ali m'menemo."

Anatsogola yekha, osayang'ana kumbuyo, akutsata mapazi a matayala. Anadutsa ku manda, natsikira ku dambo. Nkhungu inali itagona pa bango. Asanaone kanthu anamva phokoso: chitsulo chikukukuta chitsulo chinzake, gwe! gwe! gwe! kenako zii, kenako kuyambiranso. Achule onse anali chete. Fungo la oyilo wopserera linawalandira, ndipo pansi pake panali fungo lina limene aliyense wopita ku maliro amalidziwa. Amuna ena anayamba kutsalira m'mbuyo.

Galimoto inali pakati pa thanthwe, ikunjenjemera malo amodzi. Matayala a kutsogolo ankafuna kuthamanga, a kumbuyo akukana, ndipo magiya anali atamangana gwa. Pa chiwongolero panali a Eneya, ali chibadwire, thupi lonse phulusa lokhalokha, akulimbana ndi kagiya kakang'ono kamene kanakana kubwerera. Anali atachita monga amachitira moyo wawo wonse: asanalowe m'matope anakoka kagiyako. Patsogolo pawo, tsidya la dambo, panali munda wawo wa thonje, wopaliridwa bwino kuposa minda yonse, chonsecho munthuyo analibe waganyu ndi mmodzi yemwe.

Kumbuyo kwa pikapu kunakhala anthu atatu, makasu ali pamiyendo. Mathews. Lenard. Tinenenji, akadali m'nsalu imene anamuika nayo. Anali ndondocha, maso ali tong'o osaphethira, zikhatho zitang'ambika ndi mpini.

Chigubu cha petulo chinagwera m'madzi. Amuna aja anali balalabalala m'bango, ena akukuwa maina a amayi awo. Anatsala Joana ndi a Idesi.

Joana anakwera thanthwe, natsegula chitseko. A Eneya anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Waichita chiyani galimotoyi?"

"Ndasintha difu ya kutsogolo, ababa."

"Ndine ndinakuphunzitsa kuyendetsa, iwe."

"Kuyendetsa munandiphunzitsadi. Kuwerenga mano ndinaphunzira kwa bambo anga. Tsikani m'galimoto mwanga."

Mawu ake sanakwere, koma nkhalambayo inatsika. Dzuwa linali litayamba kuboola nkhungu, ndipo litangowakhudza pakhungu, a Eneya analira mawu osakhala a munthu, nathamanga ndi manja ndi miyendo kulowa m'bango cha kumalire. Mpaka lero palibe amene anawaonanso, ndipo thonje lawo linaumira m'munda chifukwa palibe amene analimba mtima kukalikolola.

Injini inazima yokha. Joana anayang'ana Tinenenji, misozi ikutsika osaipukuta. Anamuitana dzina kawiri. Mutu wa mnzakeyo unatembenuka pang'onopang'ono, pakamwa panatseguka, koma munalibe lilime.

Joana anatenga sipanala pansi pa mpando, nagona chagada pathanthwe lonyowa, n'kumasula shafuti, chitsulo chozunguza difu ya kutsogolo. Magiya anamasuka ndi kaphokoso kamodzi. Anatuluka ali matope okhaokha, napeza a Idesi ataima pambali pa galimoto, akugwira phazi la mwana wawo ndi manja onse awiri.

"Amayi, awa sangatsale pano," anatero Joana. "Ndiwabweza kumudzi masana ano, aliyense awaone, abale awo awagoneke bwino. Kenako amene akufunabe kundithamangitsa adzanene ndili pomwepo."

A Idesi anasiya phazilo. Anayesa kukwera, koma matayala aja anali atakweza galimoto, mwendo wawo sunafike. Anatambasula dzanja osayang'ana nkhope ya Joana, ndipo iye anawagwira n'kuwakankhira pamwamba. A Idesi anachotsa khasu pamiyendo ya Tinenenji n'kuliponya m'dambo, navula chitenje chawo chapamwamba, namufunditsa, n'kutsamiritsa mutu wake pachifuwa pawo.

Joana analiza injini. Asanaponde mafuta anamva kugogoda pa galasi la kumbuyo.

"Uyende pang'onopang'ono, mwana wanga," anatero a Idesi. "Mnzakoyu watopa."