Loya ndi Buku Latsopano la Kamvuluvulu

Anakumana pasiteji ya basi, mtsikanayo akukalipira buku.

Anali telala, koma anzake ankamutcha Loya chifukwa pa mtsutso sankagonja. Tsikulo anali atangogula buku latsopano la zithunzi la Kamvuluvulu, ngwazi youluka ija, ndipo tsamba lililonse ankalitsegula akutsonya.

Mnyamata wovala magalasi amene anaima pambali pake anafunsa chimene bukulo linamulakwira. Anaputa mavu! Loya anamuyalira mlandu wonse. Chigawenga chimene chinafa m'buku lapitalo chinali chitadzukanso, ngati imfa ndi tulo. Chinsalu cha kumsana kwa ngwaziyo anachimangirira pakhosi, moti munthu weniweni chikanamutsamwitsa asanafike n'komwe padenga. Nanga akazi a m'bukumo? Ntchito yawo inali kukuwa pawindo basi, kudikira wowapulumutsa.

"Amene amalemba izi sanachezepo ndi mkazi," anatero Loya. "Nditamuona, ndingamuuze pamaso."

Wamagalasi anaseka mpaka basi inamusiya. Anati amagwira ntchito kumalo osindikizira mabuku, ndipo anapempha nambala ya foni.

Chikondi chawo chinakulira m'mikangano. Buku likatuluka, Loya ankalemba maganizo ake pagulu la pafoni la okonda mabukuwo, koma woyamba kuwamva anali Wamagalasi. Mnyamatayo ankabwera kushopu ya Loya, n'kukhala pampando wa makasitomala pakati pa zidutswa za nsalu, kumamvetsera ngati mwana wa sukulu. Loya akati nkhondo ya patsamba lomaliza yatalika popanda chifukwa, iye ankangogwedeza mutu. Ndi mtsikana uti sangakonde mwamuna womvetsera chonchi?

Mauthenga ake nawo anali uchi wokhawokha.

"Duwa langa, ngakhale Kamvuluvulu atabwera ndi mphepo yake yonse, sangandichotse kwa iwe."

Loya ankawerenga, n'kusoka mkono wa malaya mozondoka.

Tsiku lina mvula itawatsekera mushopu, Loya anamuuza chinthu chimene sanauzepo munthu. Kunyumba kwawo kunali kamtsikana ka zaka khumi kamene aliyense ankati ndi mng'ono wake. Sanali mng'ono wake. Anali mwana wake wobereka yekha. Anamubereka akadali pasukulu, mayi ake n'kumutenga ngati mwana wawo womaliza, ndipo anapangana kuti adzamuuza bwinobwino akadzakula. Mwanayo sankadziwa kanthu. Chimene ankadziwa n'chakuti achemwali ake akamaliza kuwerenga Kamvuluvulu, bukulo limakhala lake.

Loya analira pofotokoza. Wamagalasi anamugwira manja onse awiri.

"Mtima wanga, iwe ndiwe ngwazi kuposa onse a m'mabuku aja. Ndikulonjeza, nkhaniyi yathera m'chipinda muno."

Loya anamukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva kupepukidwa.

Patapita miyezi, buku lina linatuluka Loya atapanikizika ndi madiresi a ukwati. Analigula masana popita kukadya kunyumba, n'kulisiya patebulo lili m'pulasitiki mwake, kuti akaliwerenge akaweruka. Atangobwerera pamakina, foni inayamba kunjenjemera osalekeza. Gulu lonse linali litatekeseka.

"Loya, wayamba liti kujambulitsa m'mabuku osatiuza?" analemba mmodzi, n'kutumiza chithunzi cha tsamba.

Lumo linagwa m'manja mwake. Patsambalo panali ngwazi yatsopano, yaikazi. Telala! Tepi yoyezera m'khosi, mpata pakati pa mano, kachipsera pachibwano. Inali nkhope yake, ngati akudziyang'ana pagalasi. Kumbuyo kwake kunali shopu yomweyi, ndi windo lake long'aluka.

Kenako panabwera chithunzi chachiwiri. Ngwazi ija inali itagwada pambali pa bedi la kamtsikana kogona, ndipo pamwamba pa mutu wake panalembedwa mawu amene Loya anawalankhula tsiku la mvula lija: "Amanditcha achemwali, koma ndinamubereka ndine."

Ndani akanadziwa zimenezi? Ndani winanso?

Anaimba foni. Wamagalasi anayankha mosangalala, ngati munthu amene wakhala akudikira kuyamikiridwa.

"Waliona, duwa langa? Kamvuluvulu ndimalemba ndi kujambula ndine. Dzina la pachikuto lija si langa lenileni. Ndimafuna udabwe."

"Iwe? Nthawi yonseyi umandimvetsera kuti ukalembe?"

"Si iwe unkati akazi a m'buku mwanga alibe moyo? Ndakumvera. Usadandaule, dzina ndasintha."

"Wasintha dzina, nkhope yanga n'kuisiya?"

Mnyamatayo anapitiriza kulankhula. Anati anthu akuti ili ndi buku lokoma kuposa onse, anati wamusandutsa ngwazi ya dziko lonse, anati mphete wagula kale. Chimene chinamupweteka kwambiri Loya n'chakuti munthuyo sankaona n'komwe cholakwa chake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!

Kenako Loya anayang'ana wotchi ya pakhoma. Ana anali ataweruka kusukulu, ndipo buku linali patebulo.

Anathamanga osatseka ndi shopu yomwe, tepi ili m'khosi. Panjira ankangopemphera kuti mwina mwanayo wachedwa kosewera, mwina mayi amutuma, mwina sanalione.

Atafika anapeza mayi ake ataima pakhomo la chipinda, atagwira pakamwa. Pulasitiki inali pansi. Kamtsikana kaja kanali katakhala pampando, yunifolomu isanavulidwe, buku lili lotsegula pamiyendo. Sikankalira. Kanayang'ana tsamba, kanayang'ana Loya, n'kuyang'ananso tsamba.

Loya analowa n'kuima patsogolo pake.

"Achemwali," kanatero kamtsikanako motsitsa mawu, kenako kanaima kaye. "Kapena ndizikuitanani kuti chiyani?"